Nyanja ya ku Zanzibar inandivula masana dzuwa likuswa mtengo

Ine ndinabadwira ku Senga Bay, kusambira ndinayamba ndisanadziwe a e i o u, ndiye munthu akamandiuza za nyanja ndimangomuona ngati akufotokozera msodzi kuti chambo chili ndi minga. Matama amenewa ndi amene ndinakwera nawo basi pa ulendo wa ku Sauti za Busara, chikondwerero cha nyimbo chija chimachitika February ku Zanzibar. Chinayamba 2004, ine kumangochionera pa Facebook zaka zonsezi mpaka ndinati ayi, ndalama ya chipereganyu ulendo uno sigula malata.

Za ulendo sindichulutsa. Karonga, boda ya Songwe, Mbeya, kukafika Dar es Salaam matako atasanduka thabwa, kenako sitima ya pamadzi maola awiri. Mubasimo ndi mmene ndinaphunzira Chiswahili changa chonse kwa mayi wina wa geni ya zitenje: moja, mbili, tatu mpaka kumi, kuti asandibere pa mitengo. Ndinatsika ndikudzimva kuti chilankhulo ndachimaliza, si nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi, moto ndi moto?

Usiku woyamba unali bho heve. Zoimbazo zinali mu Ngome Kongwe, chimpanda chamiyala chomwe Aluya a ku Oman anamanga zaka zoposa 300 zapitazo, ndipo ukatuluka pageti wafika kale pa Forodhani pomwe amawotcha nyama za m'madzi zina zoti kwathu ukakola pa ukonde umayamba wapemphera. Ndinadya pweza, chinthu cha miyendo eyiti, chimatafunika ngati labala ya legeni koma ndinamaliza poti ndinali nditalipira. Kutentha kwake kwa February kumeneko, Nsanje ikhale pansi.

Loweruka mmawa ndinati zoimba zimayamba madzulo, bwanji ndikaone magombe otchukawo. Ndinakwera daladala, minibasi yawo, mpaka ku Paje, makilomita ngati 50 kuchokera mu Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar momwe munkachitikira zoimbazo. Kufika cha m'ma 10, abale anga, nyanja kulibe. Mchenga woyera ngati ufa woyera wa pa mphasa, mabwato atagona chammbali pouma, madzi akuoneka uko kutali ngati kamzere. Ndinati kodi chilala chake chimenechi boma lawo likudziwa? Ya kwathu imaphwa inde koma pang'onopang'ono, miyezi, osati kusamuka usiku umodzi ngati munthu wothawa lendi.

Ndinayenda kulowa mkati, ndikupeza azimayi atakhala m'timadzi tofika m'mawondo akumangirira ndere pa zingwe, amati mwani, amalima ngati mmene ife timalimira mpunga ku dimba nkumagulitsa. Pakamtunda kena ka mchenga wouma bwinobwino ndinavula jinzi, shati, masilipasi, ndikupinda mwaulemu, kachikwama ka ndalama mthumba la jinzi, ndikutsala ndi kabudula wamkati ndi foni mmanja. Mayi wina anandikuwira, akuloza zovalazo kenako kuloza kunyanja: "Kaka! Maji yanarudi saa saba!" Ine Chiswahili cha mubasi chija chinadzuka. Maji ndi madzi, saba ndi 7. Madzi abwera 7 koloko madzulo. Ndinamuimikira chala chachikulu, mumtima ndikuti mayi musadandaule, 7 ine ndidzakhala ndikudula dansi mtauni.

Chimene mayi wa zitenje uja sanandiuze nchoti anthu awa amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. 7 koloko mmawa kwa iwo ndi saa moja. Ndiye saa saba ndi 1 koloko masana.

Ndinapita kutali, kujambula maselfi, kutumiza pa gulu la WhatsApp la kuntchito kuti awawidwe mtima, kugona m'kadziwe kofunda ngati bafa. Nditadzuka ndinangoona madzi omwe anali mu akakolo ali m'mawondo, ndipo akuyenda, akulowera kumtunda ngati aitanidwa. Azimayi aja anali atanyamuka kalekale mitolo pamutu. Kuyang'ana kamtunda kanga, kulibe. Ndinangoona silipasi imodzi ikuyandama phee ikupita kwawo.

Ndiye muone mwana wa ku Senga Bay akuthamanga m'madzi dzanja limodzi m'mwamba kuteteza foni, kumeza madzi amchere okhaokha, mpaka phazi linatera pa kanthu kakuda kozungulira kaminga ngati kanungu. Mayo! Ndinakuwa mayi anga dzina lawo lenileni, lomwe sindinalitchulepo chibadwire. Minga yake imathyokera mkati, ukati uzule ikungofumbutuka ngati makala.

Pagombe ndinafika chotsimphina, kabudula wamkati yekha, wobooka kumbuyo, amene madamu anandiuza kawiri konse kuti nditaye. Ndipo kumeneko ndi kwa Asilamu, mmudzi sumangoyendamo chonchi ngati uli pa Lake of Stars. Ana anandizungulira. Mayi uja anabwera, sanaseke poyamba, anangoloza dzuwa nkunena kuti "saa saba", kenako ndi pomwe anagwa nako kuseka mpaka kukhala pansi. Anatuma mwana kukathyola papaya wamuwisi, nkudontheza utomoni wake pa phazi kuti minga ifewe, kenako anamasula kanga imodzi, chitenje chawo chopepuka chokhala ndi mawu m'mphepete, nkundipatsa. Ya daladala anandilipirira mnyamata wina wophunzitsa azungu masewero a kaiti, Mulungu amudalitse kulikonse ali. Mwayi pasipoti ndi ndalama zina ndinasiya kogona.

Mudaladala anthu amangowerenga kumbuyo kwanga nkumagwirana mapewa. Kondakitala ndi amene anandimasulira mu Chingerezi chothyokathyoka kuti mawu a pa kangayo ndi a mkazi wa pamitala akuzazira mkazi mnzake. Ine ndi ndevu zangazi. Nthawi inali itatha, jinzi ndinabwera nayo imodzi yomweyo, ndinangodutsira kogona kutenga shati nkupita ku zoimba nditamanga kanga yomweyo. Mzungu wina wa ku Germany anandipempha chithunzi ati chovala cha chikhalidwe chathu ndi chokongola, ndinavomera kuti eya, ndi cha mafumu.

Nditafika kunyumba madamu akumasula chikwama anatulutsa kanga ija, kuinunkhiza, kuitambasula bwinobwino pabedi. "Bambo a Tadala, jinzi munapita nayo ili kuti, ndipo chitenje ichi ndi cha ndani?" Ndinayamba kufotokoza kuti nyanja inachoka kenako inabweranso nkutenga thalauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, iwonso ndi a ku Salima komweko, nyanja amaidziwa. Anajambula mawu aja pa foni nkutumiza kwa mnzawo wa ku Karonga womva Chiswahili.