Zikomo a Kochi, mwana uja wabwerera m'bwalo

Dzulo mwana wanga wasewera footy, mpira wa ku Australia uja, koyamba chidukireni mtsempha wa m'bondo uja amati ACL. Yatha miyezi 13. Ndikulemba maso ali otupa, mundikhululukire ndikasokoneza.

Zambiri mukuzidziwa kale: opaleshoni, ndodo zoyendera, kulira kwa usiku. Ambuye ndinu wabwino, misozi yathu munaiona.

Koma a Kochi! Mayi inu ndikuthokozeni bwanji? Lachiwiri lililonse, m'chisanu cha Melbourne chija, galimoto yanu inali pakhomo kudzamutenga kupita ku fiziyo ine ndili ku shifiti ya usiku. Tsiku lomwe anaponya nsapato zake za mpira m'bini munazitola ndinu, n'kuzitsuka, n'kuzisunga kwanu osandiuza n'komwe.

Ndinu amene munamukhazika pansi n'kumuonetsa fainolo ya 2019 ya AFLW, ligi yaikulu ya amayi, katswiri Erin Phillips akunyamulidwa pa bwalo la Adelaide Oval bondo litaphwanyika, anthu oposa 53,000 ataimirira kumuombera m'manja. Chaka chotsatira anali m'bwalo. Munamufotokozeranso za Debbie Lee, amene anasewera ndi kutsogolera ligi ya amayi ya ku Victoria, ija inayamba mu 1981, nthawi imene mkazi wogwira mpira wonga dzira uja ankangosekedwa. Mu 2021 anakhala mkazi woyamba kulowa mu Australian Football Hall of Fame, mndandanda wa akatswiri olemekezeka a masewerawa. Inuyo munasewera nyengo yomweyo, mukuvalira m'galimoto poti chipinda chovalira chinali cha amuna. AFLW itayamba mu 2017 mawondo anu anali atatha kale. Simunadandaulepo pamaso pa ana.

Azimayi a kutchalitchi amene munkabwera ndi mapoto a ndiwo, Mulungu akubwezereni pomwe munachotsa. Achimwene, zikomo chifukwa cha mafuta a galimoto aja.

Ena aja munkati "mwana wamkazi mpira wogwetsanawu wa chiyani, mwaziona tsopano", ndipo ngakhale foni imodzi osaimba, musadandaule, zithunzi ndakutumizirani pagulupu.

A Kochi, dzulo mutamupatsa nsapato zija zili m'pepala lapulasitiki, mwanayu anangoti kukamwa yasa. Ine ndinathawira kuseri kwa galimoto.

Timu yathu yagonja, n'zoona. Iye anamenya kamodzi kokha, mpira n'kudutsa pakati pa mtengo wautali ndi waufupi, poyinti imodzi basi m'malo mwa 6. Ine ndinaimba nthungululu mpaka azungu onse anacheuka, inu a Kochi n'kundikodola kuti ndikhale pansi, sichinali chigoli.