Mmene munda wa fodya wa amayi unasandukira bwalo lophunzirirapo gofu

Bwalo lathu lili kunja pang'ono kwa tauni ya Kasungu, pamalo amene amayi anga analimapo fodya kwa zaka zambiri mpaka nthaka inaguga. Chigafa chimene tinkayanikamo fodyayo chidakalipo, koma tinachotsa mikangala yonse, tinasalaza pansi, ndipo tsopano ndi mthunzi umene anthu amaimamo pomenya mipira. Si bwalo la gofu lenileni lokhala ndi maenje 18 oti munthu aziyenda kuchoka pa lina kupita pa lina. Ndi malo oyesererapo chabe, amene pa Chingerezi amati driving range: munthu amagula ndowa ya mipira, amaima pamalo amodzi, n'kumamenya mpira umodziumodzi kulunjika kumunda kumene tinazikako zikwangwani zosonyeza mtunda wa mayadi 50, 100, 150 ndi 200. Gofu amakonda kuyeza mtunda m'mayadi, ndipo kwa amene anazolowera mamita, mayadi 100 ndi mamita 91 ndi kakusefukira pang'ono.

Masewerawa ndinawadziwira ku Lilongwe ndili mnyamata, pamene ndinkanyamula zikwama za osewera pa Lilongwe Golf Club kuti ndipeze ndalama ya sopo ndi makope. Ntchito ya caddie imaphunzitsa munthu kudzera m'maso. Umayenda maola anayi kumbuyo kwa munthu, utasenza chikwama chimene malamulo amalola kuti mukhale ndodo zosapitirira 14, ndipo pofika kumapeto kwa chaka umatha kudziwa kumene mpira ugwere ungoona mmene munthuyo waimira. Bambo wina wachikulire amene ndinamunyamulira nthawi yaitali anandipatsa ndodo yake yakale, ya mtundu wa mutu wachitsulo umene amati ayironi, ya nambala 7, ndipo ndi ndodo imeneyo ndinadziphunzitsa kumenya kuseri kwa nyumba imene ndinkachita lendi. Ndodoyo ilipo mpaka lero, ndipo aliyense wobwera koyamba pabwalo pathu amayambira pa iyo.

Amayi atatisiya, mundawo unakhala m'manja mwa amalume monga mwini mbumba, choncho sindikanakhoma ngakhale chikhomo chimodzi popanda mawu awo. Ndinawafotokozera zonse titakhala pakhonde, iwo akusenda mtedza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa kuti, "Iwe mwana wa mlongo wanga, ukundiuza kuti munthu wa nzeru zake adzakupatsa ndalama kuti ataye timipira m'munda, iwe n'kukatola, mawa n'kudzamugulitsanso timipira tomweto?" Ndinayankha kuti, "Ndi momwemo ndithu, amalume." Anaseka mpaka kutsokomola, koma anavomera, ponena kuti munda umene wakana fodya ndi chimanga ulibe chimene ungataye. Kuchoka apo tinapita limodzi kwa amfumu kukawadziwitsa, chifukwa chinthu chachilendo m'mudzi sichiyamba mwakachetechete.

Kukonza malowo kunatitengera chilimwe chathunthu. Tinagumula mizere yakale, tinazula zitsa, ndipo tinalimbana ndi zulu zitatu zimene chiswe chinkazimanganso usiku uliwonse ngati kuti chikutiyesa mtima. Sitinayese n'komwe kubzala udzu m'munda monse, chifukwa madzi a pamjigo sakanakwanira. Tinabzala kapinga kutsogolo kwa chigafa kokha, pamene anthu amamenyera, ndipo kwina konse timangotchetcha ndi zikwakwa.

Chimene sindinachiganizire mokwanira chinali mipira, ndipo ndi pa mipira pomwe bizinesi yamtunduwu imaimira kapena kugwera. Mpira wa gofu ndi kanthu kakang'ono, kolemera magalamu osapitirira 45.93, koma sapanga kuno kwathu, ndipo mtengo wake umatsatira ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale mipira yakale imene ndimagula kwa anzanga a ku Lilongwe, amene amaitola m'tchire ndi m'madzi, inakwera mtengo mwa sabata imodzi. Pamene mtengo unkakwera, mipira yanga inkatha. Ina inkalowa m'ming'alu ya nthaka mu Okutobala, ina inkabisala mu udzu nthawi ya dzinja, koma yambiri inkapita m'matumba a ana a m'mudzi, amene anapeza kuti mpira wa gofu umadumpha bwino pamsewu ndipo umakwana mulegeni. Ndinayamba ndi ukali, kuwathamangitsa ndi kuwaopseza, ndipo chimene ndinapindula ndi chakuti anayamba kubwera mbandakucha ine ndisanadzuke.

Nkhaniyi inafika pachimake tsiku lina Loweruka pamene mlendo wina wamphamvu zake anamenya mpira umene unakhotera kumanja, n'kudutsa mpanda, n'kukaswa mtsuko wa madzi pakhomo la mayi wina woyandikana nafe, mwana wake wamng'ono atakhala chapafupi. Madzulo omwewo tinali pabwalo la amfumu. Mayiwo sanafune ndalama zambiri, anangofunsa funso limene ndinasowa poyankha: "Achimwene, ukanakhala mutu wa mwanayu, mukanagula kuti wina?" Ndinalipira mtsuko ndi nkhuku, ndinatembenuza malo omenyera kuti aloze kudambo kumene kulibe nyumba, ndipo ndinamanga ukonde wautali mbali ya kumanja. Pa bwalo lomwelo amalume anapereka nzeru imene inapulumutsa bizinesiyi. Anati ana amene ndikuwathamangitsawo ndiwo amadziwa dzenje lililonse la m'mundamo kuposa ine, ndiye ndi bwino akhale mbali yanga. Tinagwirizana ndi makolo awo kuti Loweruka madzulo, kumenya kukatha ndipo mbendera yofiira ikatsitsidwa, ana okulirapo azithandiza anyamata athu awiri kutola mipira, ndipo malipiro awo akhale phunziro laulere ndi ndowa yawoyawo yoti amenye. Mpira uliwonse tinaupaka mzere wa penti yofiira. Kuyambira pamenepo, mpira wa mzere wofiira ukapezeka kumsika kapena kusukulu, amaubweza ndi anawo, nthawi zina atayamba akangana kuti wautola ndani.

Pa nkhani ya luso, anthu a kuno amabwera ndi mphamvu zokwanira, ndipo vuto limakhala mphamvu zomwezo. Munthu amene wakula ndi khasu ndi nkhwangwa amagwira ndodo ya gofu molimba ngati mpini, n'kuitsitsa ndi mapewa onse, ndipo zotsatira zake amakumba dothi mpira uli pomwepo, kapena amaumenya pamutu n'kumagubuduzika ngati mbewa. Chinthu choyamba chimene ndimaphunzitsa ndi kagwiridwe. Ndimauza wophunzira kuti agwire ngati wagwira mwanapiye, molimba moti asathawe koma osati mpaka kumufinya. Chachiwiri chimawavuta kukhulupirira: kuti mpira ukwere m'mwamba, ayironi iyenera kuupeza ikutsika, n'kukhudza nthaka patsogolo pa mpirawo. Nkhope ya ndodo inapendekeka kale kuti igwire ntchito yokweza mpira, choncho amene amayesa kuunyamula ndi manja ngati akuwola ufa ndi chipande ndiye amaulephera. Ndimajambula mzere pansi ndi kamtengo, n'kumuuza munthu kuti amenye popanda mpira mpaka chizindikiro cha ndodo chiziyambira pamzerepo kupita kutsogolo. Ena amatha masiku atatu pa mzere umenewu akung'ung'udza kuti analipira kudzamenya mpira osati fumbi.

Mpira wokhotera kumanja, ngati uja unaswa mtsuko, ndiwo matenda a pafupifupi aliyense wogwiritsa ntchito dzanja lamanja amene akungoyamba. Umachitika pamene nkhope ya ndodo yatseguka poyerekeza ndi njira imene ndodoyo ikudutsa, moti mpira umanyamuka ukuzungulira cham'mbali. Wophunzira akaona zimenezi amayamba kuloza kumanzere kwambiri kuti akonze, ndipo kukhotako kumangowonjezeka. Kufotokoza ndi pakamwa sikuthandiza kwenikweni. Chimene chathandiza ndi foni: timamujambula munthu kuchokera kumbuyo, n'kumuonetsa pang'onopang'ono, ndipo ambiri amayamba akana kuti amene akuoneka pa kanemayo si iwo.

Pali chinthu china chimene ndinachita chimene mkazi wanga, amene amasunga mabuku a ndalama, anachitsutsa poyamba. Ndinachepetsa mipira ya mu ndowa ya ophunzira kuchoka pa 50 kufika pa 30, n'kutsitsanso mtengo wake. Ndinali nditaona kuti munthu akakhala ndi mipira yambiri amaimenya mothamanga ngati akupuntha mapira, wina pambuyo pa wina, osayang'ana n'komwe kumene wapitawo wagwera. Amachoka atatopa, ali wokondwa, koma osasintha kalikonse, ndipo pakatha mwezi amaleka kubwera chifukwa saona phindu. Ndi mipira 30 komanso mgolo wopaka laimu umene tinauimika pa mayadi 100, munthu amayamba kusankha chimene akulinga, kuima kumbuyo kwa mpira, kupuma, kenako n'kumenya. Pa tsiku timapeza zochepa kwa munthu mmodzi, koma anthu omwewo takhala nawo chaka ndi chaka, ndipo mkazi wanga anasiya kudandaula atawerengera yekha. Pambali pa chigafa tinasalazanso kabwalo ka mchenga wotsendereka, kokhala ndi dzenje la mamilimita 108 monga malamulo amanenera, kuti anthu aziphunzira kulowetsa mpira. Ndimawakumbutsa kuti pa bwalo la par 72, kutanthauza kuti katswiri amayembekezeredwa kumaliza maenje onse 18 ndi mikwapulo 72, mikwapulo 36 imawerengeredwa kuti ndi yolowetsera mpira m'dzenje, iwiri pa dzenje lililonse, komabe kabwaloka kamakhala kopanda munthu pamene onse akulimbirana kumenya patali.

Anthu amene amabwera ndi osiyana kwambiri ndi amene ndinkawayembekezera. Ndinkaganiza za mabwana a m'maofesi, ndipo iwo amabweradi, makamaka nyengo ya malonda a fodya pamene msika wa Chinkhoma watsegulidwa ndipo m'tauni muli alendo ndi ndalama. Koma amene amatisunga m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene thumba la aliyense lapyapyala, ndi aphunzitsi, anamwino otuluka ku ntchito ya usiku, ndi ochita malonda ang'onoang'ono. Pansi pa mtengo wa mango pali bawo, ndipo pali akuluakulu ena amene sanagwirepo ndodo chiyambire koma sajomba, ntchito yawo ndi kupereka ndemanga pa kamenyedwe ka anzawo. Amayi a banki m'khonde anapempha kuti azikumana m'chigafamo Lachitatu masana pamene kulibe anthu, ndipo atatu mwa iwo tsopano amatsalira kuti amenyeko. Mmodzi, mphunzitsi wopuma pa ntchito, samenya kupitirira mayadi 100, koma ndiye wapambana kawirikawiri mpikisano wathu wa pamwezi wofikitsa mpira pafupi ndi mgolo, umene mphoto yake ndi tambala. Anyamata amene amaposa mayadi 200 amamutcha "agogo a mgolo", ndipo amawafunsa nzeru mwaulemu. M'mudzi mukagwa maliro timatseka mpaka mwambo wonse utatha, ngakhale litakhala Loweruka la kumapeto kwa mwezi.

Chimene ndimakonda pa gofu n'chakuti ali ndi njira yoti wodziwa ndi wosadziwa apikisane mwachilungamo, imene amati handicap, pamene wosadziwa amachotseredwa mikwapulo ina pa chiwerengero chake popeza wopambana ndi amene wamenya mikwapulo yochepa, ndipo kuyambira 2020 mayiko anayamba kutsatira dongosolo limodzi limene limalola handicap yosapitirira 54. Ife tilibe mphamvu yopereka handicap yovomerezeka, pakuti imeneyo imachokera ku makalabu, koma tinabwereka ganizo lake: pa mpikisano, wongoyamba kumene amapatsidwa mipira 5 pamene katswiri amapatsidwa 2.

Chaka chatha ndinatenga ophunzira anayi, kuphatikizapo mnyamata wina wakabaza amene ndi mmodzi mwa ana aja ankatola mipira, n'kupita nawo ku Lilongwe pa msewu wa M1, ulendo wa makilomita pafupifupi 130, kuti akasewere koyamba pa bwalo lenileni. Mnyamatayo, amene kwathu kuno saphonya, anafika pa dzenje loyamba manja akunjenjemera, ndipo mpira wake woyamba sunapitirire pamene panathera mthunzi wa mtengo. Pofika dzenje lachisanu anali atakhazikika, koma nthawi iliyonse mpira ukagwera mumchenga, mu udzu wautali kapena pamalo otsetsereka, ankanditembenukira ndi maso ofunsa. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinamuphunzitsa pamalo osalala okhaokha. Titabwerera, tinakumba dzenje lalikulu pafupi ndi kabwalo kaja n'kuthiramo ngolo zinayi za mchenga wa kudambo, tinasiya chigawo china cha udzu osatchetcha, ndipo chulu chimodzi chimene chiswe chinamanganso kumapeto kwa chigafa tinachisiya dala kuti anthu aziphunzirirapo kumenya ataima pokwera ndi potsika.

Amalume tsopano miyendo ikuwavuta, koma madzulo aliwonse amabwera ndi ndodo yawo yoyendera n'kukhala pampando pafupi ndi madengu. Ndiwo amawerenga mipira ikamabwera kuchokera kumunda, makumimakumi, akuiponya m'thumba la feteleza, ndipo chiwerengero chikapereweza amatumiza anyamata kubwerera kudambo dzuwa lisanalowe. Dzulo inasowa 7, ndipo 6 inapezeka.