Mwezi womwe mlonda wathu analandira K990 miliyoni

Ku ofesi kwathu kuli faelo ya Excel ya malipiro yomwe aliyense amaiopa, anaikonza madala ena a akaunti omwe anapuma ntchito kalekale, iwe chako ndi kudina batani basi mapeyisilipi n'kumatuluka. Ndiye abwana atanena kuti tiikemo manambala a foni poti ena akufuna azilandilira pa foni, ine ndinati zazing'ono izi, ndinalowetsa kolamu yatsopano pambali pa ya salale, kudzazamo manambala, kudina batani, kupulinta, ulendo wa ku lanchi.

Pobwera ndapeza mlonda wathu wavula chipewa, wakhala pampando wa alendo miyendo atapingasa. Akuti "achimwene, ndimadziwa kuti tsiku lina Mulungu adzandikumbuka." Kuyang'ana pepala lawo, salale K990 miliyoni ndi kanthu, msonkho wadulidwa bwinobwino.

Zinachitika ndi izi. Batani lija silimayendera VBA, chilankhulo cholembera malamulo mu Excel chomwe chinabwera ndi Excel 5.0 mu 1993, ayi. Madala aja analemba ndi ma macro (malamulo omwe Excel amatsatira yekha ukadina batani) a Excel 4.0 a 1992, aja amati XLM, omwe amalembedwa m'maselo momwemo pa shiti yakeyake yobisika, selo iliyonse lamulo limodzi, kumatsika mpaka pa =RETURN(). Penapake analemba =SELECT("R2C5"), kutanthauza mzere 2 kolamu 5. Fomula wamba ukalowetsa kolamu imasuntha yokha, koma ichi poti chili m'kati mwa ma quote Excel amachiona ngati mawu chabe, sachikhudza. Chinauzidwa kuti salale ili pa 5, chikatenga za pa 5 kaya pali chani. Ndipo pa 5 panali mafoni anga aja, ziro wakutsogolo Excel atameza monga mwa nthawi zonse.

Chomwe chinandipweteka, palibe amene anabwera kudzanena kuti pepala lalakwika. Anabwera ndi a 088, kudandaula kuti bwanji iwo alandira K880 miliyoni pomwe a 099 adutsa K990 miliyoni, tsankho limeneli layamba liti pano. Amayi ena mpaka anatchula zaka zomwe agwira ntchito.

Mnyamata wa IT atafika anangogwira pakamwa, akuti Microsoft inatseka ma macro amenewa mu 2022 chifukwa akuba ankabisamo mavairasi, ndiye kuti pali wina anawatsegula dala kuti faelo ya madalawo izigwirabe. Abwana anayang'ana kudenga.

Mwayi ku banki tinali tisanatumize kanthu. Kolamu ndinaisamutsira kumapeto, mapepala onse tinatolera kupatula limodzi. Mlonda anakanitsitsa, akuti lili ndi sitampa ya ofesi, Loweruka akukatengera ngongole ku banki m'khonde.