Tebulo lathu la mabuku pafupi ndi Park Station

Ine ndi mayi akunyumba timagulitsa mabuku owerengedwa kale pafupi ndi Park Station muno mu Johannesburg, pomwe anthu opita kumudzi amadutsa ndi zikwama zawo. Timagula m'makatoni kwa anthu osamuka nyumba ku Randburg, ku Edenvale ndi madera ena otero. Kusankha kulibe, mwini wake amafuna katoni ichoke yonse. Timakapatulira kunyumba. A sukulu amayenda kwambiri mu Januwale, a nkhani zachikondi chaka chonse, ong'ambika kwambiri timagulitsa pa kilo kwa ogula mapepala.

M'katoni ina yotero ndinapezamo buku lomwe tinkalimbirana ku pulayimale ku Dedza. Lathu lija linalibe chikuto, masamba omaliza anathera kukulungira mtedza. Ili linali lathunthu. Mapiramidi a ku Giza ali pomwepo, ndi Farao Khufu yemwe anamangitsa lalikulu koposa zaka zopitirira 4,500 zapitazo, ndi nkhope yagolide ya Tutankhamun, yemwe manda ake Howard Carter anawapeza mu 1922. Ndinakhala pansi osadzukanso, mpaka mayi anati, "Bambo, dzuwa likulowa, mitengo simunalembe."

Koma maso a munthu wamkulu amaona zina. Bukulo likuti Egypt, Greece, Rome, basi, za kumwera kwa Africa kuno zii. Chonsecho basi yopita ku Blantyre ikamayandikira Musina, chakumadzulo kwake kuli Mapungubwe, pomwe mtsinje wa Shashe umakumana ndi Limpopo. Unali mzinda wa mafumu m'zaka za m'ma 1200. Anthu ake ankapereka golide ndi minyanga ya njovu kwa amalonda ochokera kugombe la Indian Ocean, n'kulandira mikanda yagalasi. Kachipembere kagolide komwe anafukula kumeneko m'ma 1930 kamasungidwa ku University of Pretoria, ulendo waufupi pa sitima ya Gautrain kuchokera pano. Nanga zojambula za pamiyala ku Chongoni, kwathu komweko ku Dedza? Ndinakulira pafupi nazo, koma ndinkadziwa bwino Nile.

Choncho ndinapatula mbali imodzi ya tebulo kukhala ya mbiri yakale, ndipo pambali pa buku lililonse la mafarao ndimayesetsa kuika la kuno kwathu. Mayi amati mbali imeneyi silipira lendi. Sakunama, lendi imachokera ku masamu ndi sayansi. Komabe makolo opita kumudzi amagulako limodzi la ana, ndipo aphunzitsi ena amaoda pa WhatsApp, ife n'kupatsira pa basi yodzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza.

Buku langa lija siligulitsidwa, wofuna amaliwerengera pompano. Lomwe likutivuta kupeza ndi la ana lofotokoza za Great Zimbabwe, mzinda wakale wamiyala, m'mawu osavuta. Ngati kumene mumagwira ntchito akutaya mabuku posamuka, musalole apite kubini, bwerani nawo tidzakambirana mtengo.