Kameta wafika pakhomo

Lero pakhomo pano pabwera mlendo. Azakhali a ku Ngabu anandiimbira dzulo kuti ndikatenge kathadzi kamene anandilonjeza kalekale, ndiye ndinanyamuka ku Nchalo kuno m'mamawa dzuwa lisanakwiye, paja Okutobala ku Chigwa cha Shire kuno ukangochedwa pang'ono tala amachita kuwotcha mpaka m'masilipasi. Ndi kameta, zija za khosi lopanda nthenga. Ena amaziseka koma ine ndimazikonda heve chifukwa kutentha kwa kunoku zimapirira kuposa zinzake.

Koma nditakanyamula mtima unandipweteka. Kopepuka zedi, fupa la pachifuwa kuchita kubaya dzanja, m'mbali mwa maso muli bii utitiri utakanirira, miyendo nayo yatuwa mamba atatukuka. Azakhali anaona nkhope yanga nkuti, "Mwanawe usadandaule, kakudya bwinobwino, vuto ndi tizilomboti basi. Ukakasamala kadzakuikira." Ndinathokoza, nkukaika mu katoni yoboola mabowo, mu minibasi ndinakafukata pamiyendo njira yonse kuopa kuti kumbuyo kuja angakapsinje ndi matumba.

Kufika kunyumba mwana wanga wamkulu amafuna angokamasulira kwa zinzake. Ndinakana. Chaka chatha ndinagula tambala pa msika nkumuponya m'khola tsiku lomwelo, sabata isanathe nkhuku zinayamba kuwodzera, mapiko pansi, chitosi chobiriwira, ina khosi kupindika mpaka kumayang'ana kumbuyo. Chitopa. Pa nkhuku 12 zinatsala 3, ndimazikwirira ndekha kuseri kwa bafa misozi ili chuchuchu, poti fizi ya ana ndimadalira pomwepo. Chitopa alibe mankhwala anzanga, ndi katemera yekha basi. Ndiye uyu akhala payekha masabata awiri kaye, ndamuvundikira dengu lalikulu pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa khitchini, kutali ndi khola.

Madzi ndiye anayamba. Kanali wefuwefu kukamwa yasaa, nditaika kambale kanamwa, kudzutsa mutu, kumwanso, kaya kangati, ine nditangonjuta pambali kuyang'ana kakhosi kofiirako kakumeza. Kenako ndinatenga vaselini pa chala nkumapaka pang'onopang'ono pa utitiri paja mosamala kuti asalowe m'diso, ndi miyendo yonse mpaka kuzala. Mafutawo amatseka mpweya tizilombo nkufa, koma si ntchito ya tsiku limodzi, ndizibwereza. Chinandikhudza nchoti sikanalimbane olo pang'ono, kanangotsinzina kali phee m'manja mwanga, mtima wake ndikuumva kugunda.

Zakudya ndasakaniza gaga, mapira pang'ono, fumbi la usipa lija limatsalira pansi pa thumba kwa amayi ogulitsa pa msika, ndi masamba a chammwamba ouma ofikisa. Chammwamba kuno ndi mbwee pafupifupi nyumba iliyonse, timangodziwa kuthyola ndiwo koma nkhuku nazo chimazithandiza. Poyamba kanangoyang'ana, kenako jo jo jo mpaka mbale kuyera. Madzulo ano ndatchera chiswe, mphika wakale ndaikamo ndowe zouma ndi mapesi, kuwaza madzi nkuvundikira pa chulu, mawa m'mawa kadzadya nyama. Phulusa losakaniza ndi mchenga ndathira pakona kuti kazisamba kokha.

Alangizi a ziweto ndawaimbira masana. Akuti katemera wa chitopa wa I-2, uja wa dontho limodzi m'diso, amapatsa nkhuku yomwe ili bwino osati yofooka, ndiye tidikire kayambe kalimba, ndipo zinzakezo nazo nthawi yawo yakwana poti timabwereza miyezi inayi iliyonse. Za njoka za m'mimba akuti adzaona okha akabwera Lachiwiri, ndisagule mankhwala mwachisawawa.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi thadzi langa lakuda lija, ndi lankhanza, lazungulira kale kawiri kudzasuzumira mpaka ndalipirikitsa. Tsiku lophatikiza ndidzakalowetsa usiku zonse zitagona, mwina kujomphana kudzachepako.

Panopa ndangochokako kumene ndi tochi ya pafoni. Dengu ndalilowetsa m'khitchini kuopa agalu ndi vumbwe, pamwamba ndapsinja njerwa. Kagona katabisa mutu m'phiko, chithokomiro chili tolo ndi gaga.