Njanji anazula koma kukhota kwake kunatsala

Abale inu lero ndiye mtima wakhala pansi. Miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikulimbana ndi ntchito ya kalasi yofufuza ma siding akale a sitima za katundu, tinjanji tija topatuka pa njanji yaikulu kulowera ku makampani, ndipo nthawi yonseyi ndimangolowa m'tchire kusakasaka zitsulo. Zitsulo zake ziti? Zambiri anazula kalekale, zina zinakwiririka ndi phula.

Chomwe chanditsegula mmaso ndi ichi, sitima siikhota ngati galimoto. Imafuna malo aatali kuti ikhote pang'onopang'ono, ndiye amene ankamanga mipanda, ma weyahausi, ngakhale odula malire a malo ankangotsata kukhota komweko. Njanji ikachoka kukhotako kumatsala. Ukaona pa Google Earth khoma lopindika popanda chifukwa, kapena mzere wa mitengo ukuchoka pa njanji yaikulu nkumakhota kulowera kuseri kwa nyumba, tsatira basi, ikufikitsa pakhomo pa kampaniyo. Ndipo ukafika pamenepo malowo amaulula okha, makomo aakulu okwera pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi ndi poti bogi inkaima katundu nkulowa molunjika, simenti yozungulirazungulira ndi pomwe panali mathanki a mafuta, nkhokwe zazitali ndi za mbewu kapena simenti, dzenje pansi pa njanji nthawi zambiri ndi potsitsira malasha. Ine makomo okwerawa ndinkawaona koma ndinkangoti omanga analakwitsa.

Kwa ine njira yoposa zonse ndi kuika mapu akale pambali pa chithunzi cha setilaiti, zina zonsezi ndi kutaya nthawi. Mapu a Sanborn a ku America anajambulidwa kuti athandize makampani a inshulansi ya moto, ndiye amaonetsa siding ndi dzina la kampani pomwepo, ambiri ali pa intaneti ku Library of Congress. A Ordnance Survey a ku Britain aja a mainchesi 25 pa mayilo amaonetsa kanjanji kalikonse, National Library of Scotland inawaika moti umatha kuona akale ndi atsopano mbali ndi mbali. Usiku umodzi wokha ndinapeza zambiri kuposa miyezi iwiri ija.

Chikundiwawa nchoti aphunzitsi athu sanatchuleko izi olo kamodzi. Masabata atatu timangoloweza zaka, 1956 makontena ayamba kuyenda pa sitima ya pamadzi, 1963 lipoti la Beeching lofuna kutseka njanji zambiri ku Britain, malole alanda katundu wa sitima, zoona zonsezo koma ukaima pa malo enieni zakazo sizikuuza koyang'ana. Pano kwatsala sabata imodzi kuti tipereke ntchitoyi, mayeso enanso ali pakhomo.

Chenjezo limodzi, chaka chomwe chimalembedwa mmbali mwa chitsulo cha njanji ndi chaka chomwe chinapangidwa, ndipo pa siding ankakonda kuika zitsulo zakale zochotsedwa pa njanji yaikulu, ndiye musathamangire kunena kuti kampani inayamba chaka chimenecho. Ine ndinagwa nazo zimenezo.

Pali kanjanji kamodzi kakundisowetsabe tulo, kukhota kwake kukuoneka bwinobwino koma kukuthera pa bwalo lopanda kanthu, palibe khoma palibe dzenje. Mtima ukuti ankaunjikapo matabwa, koma mwinanso ankangoimikapo mabogi opanda katundu, ndikayang'anenso mawa.