Mphindi 20 zimene matimu a m'madera amazinyalanyaza

Pa mabwalo ambiri a m'madera, kumene madoda ndi anyamata amasewera mpira Loweruka m'mawa, wosewera amafika mochedwa, amamanga nsapato, amawerama n'kugwira zala za kumapazi kawiri kapena katatu, kenako amalowa m'bwalo n'kuyamba kuthamanga ndi mphamvu zake zonse. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ambiri mwa amene amatuluka akutsimphina atagwira kumbuyo kwa ntchafu ndi anthu oti Lolemba akuyenera kukagwira ntchito yodyetsa mabanja awo.

Kukoka mnofu munthu ataima malo amodzi sikutenthetsa thupi. Thupi limatentha likamayenda: munthu akayamba kuthamanga pang'onopang'ono, mtima umagunda mofulumirako, magazi ambiri amapita ku minofu, ndipo minofu yotentha imatambasuka ndi kubwerera mosavuta kusiyana ndi yozizira, imene imang'ambika msanga ikadzidzimutsidwa. N'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kum'mawa kumazizira kwambiri, nthawi yotenthetsa thupi iyenera kutalikirapo. Kuwongola minofu utaima kuli ndi phindu lake, koma malo ake abwino ndi pambuyo pa masewera, chifukwa kukoka mnofu umodzi kopitirira masekondi 60 masewera asanayambe kumauchepetsako mphamvu kwa kanthawi.

Njira imene ndimailimbikitsa ndi ya FIFA 11+, imene inakonzedwa mu 2006 ndi akatswiri a zachipatala a FIFA mogwirizana ndi anzawo a ku Oslo m'dziko la Norway ndi ku Santa Monica m'dziko la America. Imatenga mphindi 20 ndipo ili ndi zigawo zitatu: mphindi 8 zothamanga pang'onopang'ono uku ukutembenuza chiuno ndi kusintha kolowera, mphindi 10 zolimbitsa minofu, kudumpha ndi kuima ndi mwendo umodzi, kenako mphindi 2 zothamanga mwaliwiro. Pa tsiku la masewera, timu imachita chigawo choyamba ndi chachitatu chokha. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2008, wokhudza atsikana pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17 osewera mpira ku Norway, anapeza kuti m'matimu amene ankatsatira njirayi kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Pa zonse zimene zili m'njirayi, ine ndimaona kuti chofunika kwambiri kwa madoda ndi cholimbitsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu. Wosewera amagwada pansi, mnzake n'kumugwira akakolo mwamphamvu, ndipo iye amapendekera kutsogolo pang'onopang'ono msana uli wowongoka, akudziletsa kugwa mpaka pamene sangathenso, n'kutera ndi manja. Mnofu umenewu ndi umene umakonda kung'ambika munthu akatsegula liwiro mwadzidzidzi, ndipo ukang'ambika kamodzi umakhala wosachedwa kung'ambikanso. Woyamba kumene achite katatu mpaka kasanu basi, chifukwa tsiku lotsatira ntchafu zimawawa ndithu.

Aphunzitsi ena amanena kuti nthawi ndi yochepa, makamaka pamene bwalo limodzi likudikiriridwa ndi matimu angapo. Vutoli ndi loona, koma kutenthetsa thupi sikulira bwalo lonse kapena zipangizo zodula. Malo athyathyathya m'mbali mwa bwalo, mpira ndi zinthu zochepa zoikira malire n'zokwanira. Chimene mphunzitsi ayenera kuyang'anitsitsa ndi mawondo a osewera ake akamatera pambuyo podumpha: bondo lizipindika molunjika pamwamba pa phazi, lisamagwere mkati, ndipo timu izichita njira yonse ya FIFA 11+ kosachepera kawiri pa sabata.